Thabwa la Manambala

Adhana wa kwa Mponda akangotha,
akabaza asanayambe kulimbirana anthu pamlatho,
ndimatsika ndi buku langa lothothoka chikuto
kukafunsa Shire kuti wagona bwanji.

Sayankha ndi pakamwa.
Amanyambita thabwa loyera la manambala akuda
lomwe tinakhomera kumwendo kwa mlatho,
pomwe lilime lake lalekezera, ine ndilembe.
Lero wakwera zala zinayi.
Namasupuni anaphimba nambala, ndamukankha ndi nsungwi.

Wogulitsa mandasi amati, Abiti Sumani,
boma likulipirani kuti muzingopenya madzi?
Ndimuuze bwanji
kuti zala zinayizi sizinabadwire kuno?
Kuno kwang'amba sabata zitatu,
chimanga cha kwa Chimwala chapota masamba.
Iyi ndi mvula ya eni,
inagwa kumapiri a ku Tanzania mwezi watha,
n'kutsika ndi Ruhuhu, n'kutsika ndi Songwe,
yopanda chiphaso, yopanda chidindo,
palibe wapachipata anaiuza kuti itsegule chikwama.

Kumtundako kuli Mwakyusa ndi thabwa lake.
Kumunsi, ku Mutarara, kuli Zeferino ndi lake.
Tinaonana kamodzi kokha, pamaphunziro ku Liwonde,
tinakangana masiku awiri athunthu
za pomwe ziro amayambira.
Aliyense anabwera ndi ziro wa kwawo.
Womasulira anatopa, anapita kukamwa tiyi.
Zeferino anatenga botolo la madzi, n'kulipendeketsa patebulo,
tonse tinaona mbali yomwe anathamangira.
Kunali kwawo.
Mkangano unathera pomwepo.

Chaka china foni yanga inatha mayunitsi.
Ndinati, ndituma mawa, madzi sathawa.
Sindikudziwa ngati nambala yanga ikanasintha kanthu,
akuluakulu akuti chigumulacho chinadzera ku Ruo,
koma Zeferino anakhala chete sabata zisanu,
ndipo atalemba, analemba nambala yokha,
opanda moni uja amayambira.
Sindinamufunse. Mpaka lero.
Chichokereni apo mayunitsi ndimagula ndisanagule mchere.

Chaka chino madzi afika pakhonde panga.
Nkhuku zikugona padenga la bafa,
mphasa ndaipachika pamtanda,
achule akuimbira m'khitchini ngati analipira lendi.
Achimwene anga akuti,
inu ndinu mumalemba, wonjezeraniko pang'ono,
a ku Liwonde achite mantha, atsegule zipata zonse,
madziwa atichoke.
Atichoke apite kuti?
Ku Nsanje kuli anthu. Ku Mutarara kuli anthu.
Madzi ukawathamangitsa pakhomo pako
sakwera kumwamba, amakagogoda kwa mnzako.

Usiku umenewo pensulo inalemera ngati mtanda wa nyumba.
M'mawa ndinalemba zomwe thabwa linanena.
Sindinawonjeze chala, sindinachotse chala.
Achimwene sanandiyankhule mpaka Lachisanu.

Madzi amayenda ndi miyendo, nambala imauluka.
Iwo akamazungulira m'Malombe,
akamaima pazipata, akamagubuduka pamathithi,
uthenga wanga unafika kale.
Mpata wa pakati pa ziwirizi ndiye malipiro anga enieni:
nthawi yomasula mbuzi pachikhomo,
yokweza thumba la mapira pamutu,
yobereka wodwala kupita naye kusukulu ya pamtunda,
yobwerera kukatenga makadi a kusikelo omwe anaiwalika.

Foni yalira. Mwakyusa: kwathu yakata, mtsinje ukutsika.
Ndiye kuti khonde langa liuma, koma osati mwezi uno.
Ndatumiza zala zinayi zanga kumunsi.
Ndadikira, mapazi ali m'matope,
lole ya matumba a makala ikugwedeza mlatho pamutu panga.

Yaliranso.
Zeferino walemba nambala yake,
ndipo pansi pake, m'Chichewa chothyokathyoka
chomwe sindikudziwa anachitola kuti:
mwazuka bwanji mayi.

Ndapukuta chala pachitenje.
Ndikuyankha.